Batani la Kumanja

Sabata yatha ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku Mitundu kukalambula manda awiri, ngakhale kuti mwa ogona pamenepo mulibe m'bale wanga. Mmodzi ndinalankhula naye kamodzi kokha, kwa mphindi zosakwana zisanu. Winayo ndi a Damiano Likhutcha, amene anthu ankawatcha a Disiketi, ndipo mwezi uno wa Juni ndi umene anatisiya. Zidzukulu zanga zimandifunsa chimene ndimavutikira ndi khasu pa manda a eni. Ndimaziyankha kuti khasu ndi langa, msana ndi wanganso. Koma yankho lenileni ndi lalitali, ndipo limayambira pa funso limodzi.

"Kwanu n'kuti?"

Ameneyo ndiye anali moni wa a Likhutcha. Anthu ena amayamba afunsa mmene wadzukira, iwo ankangofikira pa mudzi. Ukati ku Mulanje, ankakwinya nkhope ngati wawapatsa tiyi wopanda shuga. Mulanje si kwanu, ankatero, Mulanje ndi kwa boma. Ankafuna dzina la mudzi, dzina la mfumu, dzina la mtsibweni wako, ndi mtsinje umene anthu a kwanuko amatungako madzi. Anafunsa ogulitsa tomato, anafunsa apolisi a pa rodibuloko, anafunsa ngakhale wansembe wachizungu, amene anavutika kwambiri pa nkhani ya mtsibweni. Koma iwe ukawabwezera funsolo, ankaseka n'kunena kuti wofunsa safunsidwa, kenako ankapeza kena koti akonze pa njinga yawo. Chichewa chawo sichinkawaulula. Tsiku lina unkamva ngati a ku Dedza, mawa lake ngati a ku Thyolo.

Anatulukira pa ofesi ya tchalitchi chathu ku Nathenje, kumene ndinkagwira ntchito yotayipa, patapita zaka zochepa matipate atabwera. Inali nthawi imene mabungwe ankamera ngati bowa, ndipo lililonse linkasiya kena: kwina njinga, kwina mabuku, ife anatisiyira kompyuta. Inali Macintosh yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ine ndinkaiopa, moti ndinaifunditsa nsalu n'kumapitiriza kutayipa pa makina anga akale. Tsiku limenelo kunalowa nkhalamba yayitali, yovala jekete pa dzuwa la Okutobala, miyendo ya buluku itapanidwa ndi mapegi oyanikira zovala. M'khwapa inali itapanira chitini cha mabisiketi chokulungidwa m'chitenje. Anandifunsa kwathu, ndinayankha mpaka kufika pa mtsinje, ndipo kuyambira pomwepo anayamba kunditchula ndi mfunda wanga. Kenako anavundukula kompyuta ija osapempha, n'kuiyang'ana mmene mlimi amayang'anira ng'ombe ya mnzake.

"Nachisale, iyi imalankhula chiyani?"

"Kaya, bambo. Ine sindinailankhulitsepo."

"Ndiye mukuimana mwayi. Tayatsani timve."

Chimene chinawabweretsa chinali maliro. M'maesiteti a fodya a pakati pa Mitundu ndi Nathenje munali matenanti ochokera kutali, ambiri a kumwera, obwera pa lole nthawi yokonza nazale. M'buku la kapitawo munkalembedwa dzina lokha. Munthu akamwalira, anzake ankangoyang'anana: uyu ankati kwawo n'cha ku Phalombe, koma Phalombe ndi wamkulu. Ndipo tenanti sakhalitsa malo amodzi. Chaka chino ali mbali ya Mitundu, chaka chamawa wasamukira kwathu kuno. A Likhutcha ankafuna kaundula mmodzi, wonena kwawo kwa munthu aliyense ndi amene ayenera kuuzidwa uthenga, wopezeka mbali zonse ziwiri, kuti pasapezekenso munthu woikidwa m'manda ngati analibe mayi ake.

Ku Mitundu kunali kompyuta ina, m'kaofesi ka bungwe laling'ono la matenanti, limene mlembi wake anali a Chagunda. Vuto linali lakuti iyo inali ya Windows, ndipo ziwirizi sizinkamvana. Pulogalamu yolembedwera imodzi, inzake sinkaizindikira n'komwe. Munthu wanzeru zabwinobwino akanati tipeze makompyuta ofanana, koma mphatso sasankha, ndipo a Likhutcha sanali munthu wanzeru zabwinobwino. Kusamvanako n'kumene kunkawasangalatsa.

Makompyutawa ankawadziwa ngati anthu. Ya ku Nathenje ankati ndi sisitere: yaulemu, yodekha, koma ikalandira disiketi sinkabweza mpaka uipemphe mwa njira yake, kukokera kachithunzi ka disiketiyo m'bini ngati ukuitaya. Nthawi yoyamba ndinakana kuchita zimenezo, ndipo anachita kundilumbirira kuti sichiwonongeka kanthu. Ya ku Mitundu ankati ndi venda wa pamsika: yachangu, yaphokoso, ndipo ukaipatsa disiketi yokonzedwera ku Nathenje inkanena kuti mulibe kanthu n'kudzipereka kuifufuta yonse. Panali yachitatu, ya Linux, kwa mphunzitsi wina wa pa koleji ya zaulimi pafupi ndi Mitundu. Imeneyo ankati ndi mlonda wa pageti, chifukwa sinkakulola kulowa usanatchule dzina ndi mawu achinsinsi.

Nzeru zimenezi anazitenga kuti? Ndinafufuza ndithu, poti chidwi chawo anandipatsira ngati chimfine. Zimene ndinatolera n'zakuti anayamba ngati mesenjala m'ofesi ina ya boma ku Blantyre, akunyamula mabokosi a makhadi obowola kupita nawo m'chipinda chozizira mmene munali kompyuta yaikulu ngati ngolo. Ankafunsafunsa mpaka mabwana anatopa nawo n'kuwakhazika pampando kuti adzionere okha. Atapuma ntchito anapita kuchikamwini ku Malingunde. Mkazi wawo atamwalira osasiya mwana, anasamukira ku Mitundu, m'kachipinda ka kuseri kwa telala wina. Za moyo wawo asanafike ku Blantyre, palibe ankadziwa.

Mphunzitsi wa pa koleji uja ndiye anawapatsa mankhwala a vutolo, m'madisiketi angapo: chida chotchedwa Tk. A Likhutcha anandifotokozera potengera telala wa kutsogolo kwa nyumba yawo. Iwe umalemba muyeso kamodzi: apa pakhale polemba dzina, apa polemba mudzi, pansipa batani losungira. Ndiye m'kompyuta iliyonse umaikamo telala wake wa Tk, amene amawerenga muyesowo n'kusoka malaya mwa kasokedwe ka kwawoko. Muyeso umodzi, atelala atatu. Ndinawafunsa ngati malayawo amatuluka ofanana. Anati ofanana mokwanira. Mawu akuti mokwanira amenewo ndinadzawakumbuka pambuyo pake.

Pulogalamuyo sanailembere pa kompyuta. Magetsi a nthawi imeneyo ankabwera ngati mlendo wodutsa, ndiye iwo ankalemba ndi pensulo m'makope a ana a sukulu, atakhala pa khonde la telala, akuwerenga mzere uliwonse mokweza n'kumadziyankha okha ngati kompyuta. Odutsa ankaganiza kuti madala ayamba kuzungulira mutu. Magetsi akayaka, ankathamanga ndi kope kukakopera. Fayilo ya mayina anaitcha kaundula, ndipo ananyadira sabata yathunthu kuti mawuwo ali ndi zilembo zisanu ndi zitatu ndendende, malire amene madisiketi akale ankalola. Disiketi iliyonse inkakonzedwera ku Mitundu, poti sisitere ankatha kuwerenga za venda pamene venda sankatha kuwerenga za sisitere, ndipo ankaipaka kadontho kofiira ka penti ya m'zikhadabo kuti tisasokoneze. Chitini chija sichinkaloledwa kuyandikira wailesi. Mtedza wokazinga, umene sunkasowa m'thumba la jekete, ankadyera panja, n'kusamba m'manja asanakhudze kiyibodi.

Lachiwiri lililonse ankapalasa njinga pa msewu wafumbi kuchoka ku Mitundu kubwera ku Nathenje, kudzaphatikiza mayina a uko ndi a kuno, n'kubwerera Lachitatu. Ulendo woyamba kupita ndi mayina a ku Nathenje, atatsegula fayiloyo ku Mitundu anapeza anthu onse ali pa mzere umodzi wautali wopanda polekezera. Ndikanakhala ine ndikanalira. Iwo akuti anaomba m'manja. Anafufuza masiku atatu mpaka anapeza kuti kompyuta iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake chosaoneka, chonenera kuti mzere wathera pano. Anabwera ku Nathenje tsiku losakhala lawo kudzangondiuza zimenezo, akuwefuka, nkhope ikuwala ngati apeza mbuzi yotayika.

"Nachisale, tangoganizani! Ngakhale kutseka pakamwa, aliyense amatseka mwa kwawo!"

Ndi a Chagunda ankakangana ngati mitala. A Chagunda anali munthu wadongosolo, wokonda sitampa ndi mafayilo, ndipo atabwera ku Nathenje n'kuona pulogalamu ija pa kompyuta yathu sanakondwe. Inali yomweyo, koma mabokosi ake anali ozungulira m'makona, zilembo zina, mabatani ena.

"Madala, bwanji osangozipanga zofanana ngati yunifolomu? Kuno bokosi lina, uko bokosi lina. Anthu asokonezeka."

"A Chagunda, zaka makumi atatu za chipani chimodzi sizinakukwaneni? Mukufuna makompyutanso agule khadi?"

Tonse tinaseka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. A Likhutcha ankakonda kunena kuti pulogalamu ndi mlendo, ndipo mlendo wabwino akafika pakhomo amakhala pamene eni amakhala, amasamba m'manja mmene eni amasambira. Ine ndinkaona kuti akunena zoona. Mkangano wina unali wa mapepala. A Likhutcha ankafuna kuti munthu aliyense azilembedwanso m'buku, a Chagunda anati kumeneko n'kukwera galimoto utasenza katundu pamutu. Pamenepo anapambana ndi a Chagunda, poti mapepala anali osowa. Mmene ndikuonera lero, aliyense anapambana pa mkangano umene anayenera kugonja.

Chaka chachiwiri cha kaundula, a Chagunda anaitanidwa ku msonkhano m'tauni tsiku lomwe lole inatsitsa matenanti atsopano pa esiteti ina. A Likhutcha ananditumizira uthenga kuti ndikathandize ku Mitundu kwa tsiku limodzi. Iwo anaima pakhomo akuika anthu pamzere n'kumacheza nawo, ine ndinakhala pa kompyuta. Kanali koyamba kugwira ya ku Mitundu, koma pulogalamu inali yomwe ija, ndipo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Munthu akamaliza kuyankha, ndinkadina batani losungira, ndiye kompyuta inkatulutsa kabokosi kofunsa m'Chingerezi ngati ndikutsimikiza, kokhala ndi mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Kwathu ku Nathenje lovomera linali kumanja. Ndinali nditalidina kambirimbiri, moti dzanja linkapita lokha maso ali kale pa munthu wotsatira. Ku Mitundu lovomera linali kumanzere. Kumanja kunali lokana.

Musandifunse ngati sindidziwa kuwerenga. Mawu awiri a Chingerezi sangandigonjetse ine, munthu amene ndatayipa makalata a mabishopu. Koma amene anaphikapo m'khitchini ya eni akudziwa kuti dzanja limakatenga mchere pamene umakhala kwanu. Ndipo pulogalamuyo, uvomere kapena ukane, inkachotsa zimene walemba n'kukupatsa malo oyera a munthu wina. Tsiku lonse ndinalemba anthu a lole yathunthu, ndipo tsiku lonse ndinkawataya mmodzimmodzi, ndikumwetulira.

Mwa anthu amenewo ndimakumbuka mmodzi, bambo wamfupi wa mpata kumano, a Robati Makwinja. Anabwera okha, opanda mkazi kapena mwana. Nditawafunsa za mtsinje anaseka.

"Iii, mayi, mukufuna mukatungeko?"

Anatchula mudzi, anatchula mfumu, anatchula mtsibweni ndi mtsinje womwe, ndipo zala zanga zinalemba zonse. Kaundula sankaonetsa kuchuluka kwa anthu. Unkafufuza dzina pokhapokha ukalifuna, ndiye miyezi inadutsa popanda wozindikira kanthu.

A Makwinja anamwalira ndi malungo mu Febuluwale, fodya akuthyoledwa. Kapitawo anafika pa ofesi m'mawa, ndipo a Chagunda anamukhazika pansi monyadira kuti aone mmene ntchito imayendera masiku ano. Anafufuza dzina, panalibe. Anafufuza ena obwera pa lole yomweyo, panalibe ndi mmodzi yemwe. A Likhutcha anakwera njinga m'matope kubwera ku Nathenje, akuganiza kuti mwina mayinawo anatsalira kuno. Anafika masana jekete ili matope okhaokha, tinafufuza, panalibe. Anasiya njinga pa tchalitchi, tinakwera minibasi kupita ku Mitundu kudzera m'tauni, ndipo njira yonse sanafunse munthu aliyense kwawo. Pamenepo m'pamene ndinayamba kuchita mantha.

Titafika anandikhazika pa mpando womwe uja.

"Nachisale, tandisonyezani mmene munkachitira tsiku lija. Lembani dzina lililonse."

Ndinalemba, ndinadina losungira, kabokosi kanatuluka, ndipo dzanja langa linapita kumanja onse akuona. Ndinayang'ana batanilo, nthawi imeneyi ndinaliwerenga.

"Ndiye mwatayitsa munthu, mayi!" anatero a Chagunda.

"A Chagunda, musiyeni mwana wa eni. Batanilo sindinaliike ine pamenepo, ndiye kulakwa kwangako n'kumeneko. Ndinasiyira atelala. Ndipo inu munanena kuti anthu asokonezeka, ine n'kukusekani."

A Chagunda anatembenukira ku mafayilo awo. Ndikhulupirira kuti anakumbukira za buku lija limene anakana.

Chimene a Likhutcha anachita kenako sindinachionenso kwa munthu wina. Anakokera mpando pafupi nane n'kunena kuti mutu ukaiwala, mwina zala zimasunga.

"Tsinzinani. Ikani zala pa kiyibodi. A Makwinja ali apa, akukusekani za mtsinje zija. Mwawafunsa mudzi, ayankha. Lembani."

Ndinatsinzina. Zala zinalemba zilembo zitatu, N, a, m, n'kuima. Tinayesanso, zinalemba zomwezo n'kuimanso. Tinayesa mpaka misozi inayamba kugwera pa kiyibodi, ndipo a Likhutcha, amene sankalola ngakhale khoko la mtedza pamenepo, sananene kanthu. Midzi yoyamba ndi zilembo zimenezo kumwera ndi yosawerengeka. Anzawo a pa lole anati a Makwinja anakwerera panjira, pa sitolo ina, ali okha. Tinatumiza uthenga wa maliro ku wailesi, tinadikira masiku awiri, sikunabwere munthu.

Anaikidwa pa ngodya ya manda a mudzi woyandikana ndi esitetiyo, pamene amaika alendo. Okumba manda atafunsa kuti mutu uloze kuti, panalibe woyankha. A Likhutcha anatambasula dzanja n'kuloza kumwera. Ndinachita manyazi tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimachita. Munthu anandiuza kwawo ndi pakamwa pake, akuseka, ine n'kukutaya.

Ndinafuna kusiya za kompyuta. Ndinaifunditsanso nsalu ija. Lachiwiri lotsatira a Likhutcha anabwera monga mwa nthawi zonse, anaivundukula osapempha ngati tsiku loyamba lija, n'kundiuza kuti madzi akatayika saoleka, koma amene waona pamene chidebe chikudontha ndiye woyenera kugwira nyale pochimata. Anakhala pamenepo akudya mtedza wawo pakhomo mpaka ndinatopa n'kuyatsa.

Pulogalamuyo anailembanso. Kabokosi ka Chingerezi kaja anakachotsa. Anajambula batani lawolawo, limodzi, lalikulu, pakati penipeni, lolembedwa kuti Sungani, ndipo linkakhala pamalo omwewo pa makompyuta onse atatu. Ukalidina, pulogalamu inkabwerera m'fayilo kukatenga zimene yasungadi n'kuzionetsa, ndipo lamulo linali lakuti uwerenge mokweza mpaka mwini wake anene kuti ndi kwathu kumeneko. Malo a mudzi ukawasiya opanda kanthu, inkakana kupitirira. Buku linabwereranso, ndipo anachita kukaligula ndi a Chagunda eni ake. Mphunzitsi wa pa koleji ataiona anadandaula kuti tsopano ikuoneka yachilendo paliponse, si ya Windows, si ya Macintosh, si ya Linux. A Likhutcha anayankha kuti anthu ali m'katimo nawonso ndi achilendo paliponse. Za mlendo wotsata mwambo wa eni sanasiye kunena, koma anawonjezera kuti anali atalakwitsa mwini nyumba. Mwini nyumba si kompyuta, ndi dzanja la munthu amene wakhala pamenepo.

Anthu onse a lole ija tinawalembanso, kupatula mmodzi. Ndipo chifukwa cha mmodziyo a Likhutcha anapita kumwera katatu, chaka chilichonse fodya akatha, ndi kope la midzi yoyamba ndi zilembo zitatu zija. Ankabwerako ataonda, kope litadzaza mayina a mitsinje ndi timapiri, ndipo ankandifotokozera ndi chidwi chomwe chija mmene anthu a uko amaphikira kalongonda. Za a Makwinja ankangopukusa mutu. Ndinawauza kuti asiye, kuti wolakwa ndine, iwo akudzivutiranji. Anandiyankha kuti pali zinthu zimene munthu amafufuza podziwa kuti sapeza, chifukwa kusafufuza kumapweteka kuposa pamenepo. Sindinamvetse, ndipo ndinaganiza kuti ndi mawu a ukalamba chabe.

Kaundula anagwira ntchito yake. Ndikukumbukira mayi wina amene analembedwa ku Mitundu n'kudzamwalirira mbali ya kwathu kuno, ndipo pasanathe ola tinali titadziwa mudzi ndi mtsibweni. Abale ake atafika anafunsa kuti tawadziwa bwanji. A Likhutcha anangowafunsa ngati mtsinje wa kwawo ukadali ndi madzi m'chilimwe.

Anadwala masiku ochepa m'nyengo yozizira, n'kumwalirira kuchipatala. Achibale a malemu mkazi wawo anabwera kuchokera ku Malingunde, okonzeka kukawaika pambali pa mkaziyo, ndipo zinkaoneka kuti nkhani yatha. Koma a Chagunda, munthu wa dongosolo uja, anati lamulo ndi lamulo: tisananyamule maliro a munthu aliyense, timayamba tafunsa kaundula. Ena anaseka mwachisoni, poti aliyense ankadziwa kuti a Disiketi sanayankhepo funso lawo lomwe. A Chagunda anatsegulabe. Atawerenga, anatumiza munthu ku Nathenje kuti ndikaone ngati kompyuta yathu ikunena zomwezo, poti maso awo sanawakhulupirire.

Inkanena zomwezo, mawu ndi mawu. Anali atadzilemba pamwamba penipeni, pamene palibe amene anaganizapo zofufuza. Pulogalamu yawo sinkalola malo a mudzi kukhala opanda kanthu, ndiye anadzazapo.

Pa mudzi analemba kuti: Sindiudziwa. Amayi anabwera wapansi kudzalima fodya wa mzungu, anamwalira ndili wamng'ono, anandilera a kumishoni.

Pa mfumu ndi pa mtsibweni analemba kuti: Sindiwadziwa.

Pa mtsinje analemba kuti: Amayi ankautchula m'nyimbo. Ndinafunsa mochedwa.

Pa oyenera kuuzidwa uthenga analemba a Chagunda ndi ine. Ndipo pa kokaikidwa analemba kuti: Pambali pa a Makwinja, kuti nawonso akhale ndi wakwawo.

Ndinawerenga mokweza monga mwa lamulo lawo, ndili ndekha m'ofesi, ndipo panalibe woti anene kuti ndi kwathu kumeneko. Ndinalira ngati amwalira bambo anga ondibereka. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti amabisa kwawo, chonsecho analibe choti abise.

A ku Malingunde anadandaula pang'ono, koma atamva mawuwo anavomera. Okumba manda sanafunse za mutu. Anayang'ana manda a pambali n'kulinganiza.

Nditamaliza kulambula sabata yathayi ndinadzera pa kaofesi kaja. Bungwe linatha kalekale, a Chagunda nawo anapita, ndipo matenanti a masiku ano amayenda ndi kwawo m'thumba, pa foni. Disiketi ya kadontho kofiira ndikuisungabe m'Baibulo, ngakhale palibenso kompyuta imene ili ndi pakamwa poilandirira. Mwini nyumba anandibwereka kiyi. M'katimo amasungiramo matumba opanda kanthu, ndipo mumanunkha feteleza. Benchi ya odikira inachotsedwa, koma pakhoma patsala mzere wakuda pamene mitu ya anthu inkatsamira. Msomali umene ankapachikapo jekete ukadalipo, wapindika. Tebulo silinachoke, poti kalipentala analikhomera m'katimo ndipo pakhomo silituluka. Pamwamba pake pali timadontho tinayi toyera, pamene panali miyendo ya kompyuta.

Ndinakokera mulu wa matumba n'kukhalapo. Ndinapukuta fumbi ndi chitenje, ndinatsinzina, n'kuika zala pa thabwa lopanda kanthu. Zinalemba zilembo zitatu n'kuima.